Ulendo wanga wa ku Kolmanskop: ndalama zinapita, miyeso ndinabwera nayo

Abale anga kumudzi, ndi inu muli kuno ku Joni, ndikulemba izi mtima ukadali kuwawa. Ndatha zaka 6 ku Cape Town pa shopu yopanga timanyumba tachionetsero, tija amaika m'galasi kuti anthu aone mmene malo alili kapena analili kale. Chaka chatha tinalandira oda yopanga Kolmanskop, tauni yakale ya mgodi wa dayamondi ya ku Namibia imene inasanduka bwinja, pa sikelo ya 1:50 (kutanthauza kuti chilichonse timachichepetsa ka 50). Abwana anati zithunzi za pa intaneti n'zosakwanira, ndipite ndikayeze ndekha, zonse ndikawononge adzandibwezera.

Kunyengeka kunayambira pa gulu la WhatsApp. Ejenti wina, wolankhula Chichewa ngati ife, anati ndi R6,800 andikonzera mayendedwe, kogona masiku atatu, chilolezo cha ku Kolmanskop ndiponso cha ku Pomona, mudzi wina wa mgodi womwe uli mkati mwenimweni mwa chipululu. Ndinatumiza zonse kamodzi chifukwa ankanditchula kuti "achimwene". Tsiku lonyamuka, bokosi langa la zipangizo analilipiritsa R350 yomwe sanaitchulepo. Titadutsa boda ya Vioolsdrif kulowa m'Namibia n'kufika ku Keetmanshoop, dalaivala anati tikiti yanga yathera pomwepo. Kuchoka apo kukafika ku Lüderitz, tauni yoyandikana ndi Kolmanskop kumene ndimakagona, ndi makilomita pafupifupi 340! Ndinatulutsanso R700. Kumalo ogona dzina langa kunalibe. Foni ya ejenti uja inalira kawiri, kenako zii.

Amene anandipukuta misozi ndi bambo wina wachikulire amene amanyamula alendo pa galimoto yake. Ndinamupempha anditengere ku Pomona, ndimulipira bwino. Anakana ndalamayo. Anandifotokozera kuti dera lonselo ndi Sperrgebiet, dera loletsedwa la dayamondi, limene Ajeremani anatseka mu 1908, ndipo mpaka lero kulowa mkati kumafuna chilolezo chopemphedwa masiku angapo pasadakhale, ndi kope ya pasipoti. Ejenti wanga sanandifunsepo kope iliyonse, kusonyeza kuti chilolezocho sanachipemphe n'komwe. Bamboyu anandiuzanso kuti ku Kolmanskop, makilomita 10 okha kuchokera m'tauni, tikiti wamba imatha 1 koloko masana, ndipo wofuna kulowa dzuwa likutuluka amagula chilolezo chojambulira, chodulirapo. Ananditengera R150 kupita ndi kubwera, ndendende mmene tinapanganira, ndipo tsiku lachiwiri anandidikira ola lathunthu osawonjeza kanthu.

Koma malowo, abale, ndi oti munthu wa luso la manja awaone ndi maso ake. Mu 1908 Zacharias Lewala, wantchito wa panjanji, anatola mwala wonyezimira, womwe unali dayamondi, n'kuupereka kwa kapitawo wake August Stauch. Posakhalitsa pakati pa mchenga panamera chipatala chokhala ndi makina a X-ray, fakitale ya ayezi, holo yovinira ndi sukulu, madzi akumwa akubwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Cape Town. Dayamondi wamkulu atapezeka kufupi ndi matsiriro a mtsinje wa Orange cha mu 1928, anthu anayamba kusamuka, ndipo pofika m'ma 1950 tauniyo inatsala bwinja.

Chimene chithunzi sichikuuzani n'chakuti mchenga sudzaza nyumba mofanana. Mphepo ya kumwera imaulowetsa pawindo limodzi, n'kuunjika mpaka pafupi ndi denga mbali imodzi, pomwe pakona ina matabwa apansi akuonekabe. Zitseko zinaima zotseguka theka, zomira mpaka pachogwirira. Penti ya m'zipinda, yobiriwira ndi yabuluu, ikadali yowala kumene dzuwa silifika, koma kunja njerwa zinadyeka ngati zakhulidwa ndi sandipepa. Pamene malata anasasuka, kuwala kumalowa m'mizeremizere pakati pa timatabwa ta siling'i. Ndinkaika rula pa chithunzi chilichonse ndi kuyeza zitseko, chifukwa chitseko cha mamita 2 chimakhala masentimita 4 pa sikelo yathu, ndipo zina zonse umawerengera kuchokera pamenepo. Mchenga weniweni pa kanyumba kotere umaoneka ngati miyala, ndiye timagwiritsa ntchito fumbi losefa bwino ndi guluu wosungunula m'madzi. Masana mphepo ikakula, mchenga umalowa mu kamera ndi m'mano momwe, choncho ntchito yonse muzigwira m'mawa.

Ndinaima nthawi yaitali pa nyumba zazitali zimene ankagona antchito akuda, ambiri a iwo Aovambo, mtundu wa anthu a kumpoto kwa Namibia, obwera pa kontirakiti, mazanamazana m'malo amodzi pamene mabwana anali ndi nyumba zosanja. Ndinakumbukira agogo anga aamuna amene anapita kumigodi ya ku Joni ndi Wenela, n'kubwera ndi njinga, bulangete ndi chifuwa. Pulani imene tinapatsidwa inali ndi nyumba za mabwana zokha. Ndinayeza za antchitozo ngakhale sananditume.

Tsono inu amene munandiimbira mutamva kuti ndili "kudziko la dayamondi", mundimvetse. Palibe chotola kumeneko. Kupezeka ndi dayamondi wosasula popanda chilolezo ndi mlandu wa ndende, ndipo ine sindinaike m'thumba ngakhale kamwala kamodzi. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama akakulowetseni usiku akufuna kukudyerani. Ndipo inu amene masiku anu a pa pasipoti anatha muli ku South Africa, musayerekeze ulendowu: pa boda potuluka amakudindani chiletso, ndipo mukapitirira masiku 30 chimakhala cha zaka 5. Mudzasiya ntchito ndi katundu ku Cape Town chifukwa chofuna kuona bwinja.

Nditabwerera, abwana anandibwezera R3,000 yokha pa ndalama zoposa R10,000, ati zinazo zilibe malisiti, n'kudulanso malipiro a masiku awiri amene ndinachedwa panjira. Lonjezo lawo linali lapakamwa, ndipo ndinalibe pogwira. Ejenti uja ndinamuonanso mwezi watha pa gulu lina, ndi nambala yatsopano, akulengeza ulendo womwewo pa R7,500. Ndinalemba pomwepo zimene anandichita, ndipo anthu awiri ananditumizira uthenga kuti anali atatsala pang'ono kulipira.