Kalasi ya kompyuta ya ana pa Nchalo, mmene ndikuyionera ine

Ambiri mwakhala mukufunsa za kalasi ya kompyuta ya ana ija imachitika Loweruka m'mawa kuseri kwa msika pa Nchalo, ndiye poti wanga wa Sitandade 4 amapitako ndati ndikuuzeni zoona zake.

Malo ake musayembekezere zambiri. Kachipinda kamodzi ka malata kopanda siling'i, malaputopu ochepa akalekale, ana amakhala atatu pa imodzi, ndiye kutentha kwa kuno mukukudziwa, ikangokwana 10 koloko aliyense thukuta kamukamu, magetsi akathima amatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa nimu. Kugwira mausi ndi kutaipa amaphunzitsa bwinobwino koma zimenezo zili paliponse.

Chimene ndikulipirira ine mosadandaula ndi zomwe aphunzitsiwo amachita pansi pa nimu paja. Amatenga foni yawo n'kuwawerengera anawo mameseji enieni a akuba aja, "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", kapena oti mwawina mphoto pomwe simunalowe mpikisano uliwonse, kenako amafunsa kuti iwe ukanatani? Tisaiwale kuti kuno ana athu timawatuma okha kwa ejenti ndi foni m'manja, PIN ya Mpamba kapena Airtel Money amaidziwa kuposa ife eniake, ndiye mwana kumva kuti PIN sauza munthu ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa kukampani ya mafoni, kwa ine ndi phunziro lalikulu kuposa kutaipa.

China ndi nkhani ya zithunzi. Lamulo lawo ndi loti usanajambule munthu uzipempha kaye, ndipo chithunzi cha munthu wovulala, wamaliseche kapena maliro suchitumiza kwa wina. Mukukumbuka nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 zomwe zinkayenda m'magulupu a WhatsApp, matupi a anthu osaphimba n'komwe, ena kudziwira pa sitetasi kuti m'bale wawo wapita, ndipo otumizawo tinali akuluakulu osati ana. Tsiku lina azakhali ake a mwana wanga ankatumiza vidiyo ya ngozi ya kabaza, mwanayu anangoti "azakhali, eniakewo mwawapempha?" Anachita manyazi mpaka anaifufuta. Aphunzitsiwo anawalembetsanso anawo nambala ya 116 pachikuto cha kope, ija ya Tithandizane ya a YONECO yoimba ulele mwana akamachitidwa nkhanza, ndipo anawauza mosabisa kuti Facebook ndi TikTok malamulo ake amati uyambe uli ndi zaka 13, zoti ankolo akutsegulire akaunti ponamiza zaka ayi.

Makolo amene mwana wawo ali ndi foni yakeyake amawaikira pulogalamu ya Family Link ya Google osalipiritsa. Imathandiza ndithu, umaika maola oti agwiritse ntchito pa tsiku, usiku imatseka yokha, ndipo sangadawunilodi gemu pa Play Store iwe usanavomere. Koma tinene zoona, ndi ana angati kuno ali ndi foni yawo? Ambiri amabwereka ka itel ka mayi awo, mayiwo ali pamoto kapena kudimba, ndiye pamenepo palibe pulogalamu yotchinga, chimene chimagwira ntchito ndi chomwe mwanayo wauzidwa basi.

Ndiye apa mpamene ndili ndi dandaulo. Makolo satiitana. Mwana akuphunzira zonsezi koma akafika kunyumba apeza bambo ake akufowada chilichonse chofika pa foni, bwenzi atapatula ngakhale Loweruka limodzi pamwezi loti tizikhala nawo. Chachiwiri ndiye chimandinyansa kwambiri: khomo lolowera m'kalasimo limadutsa pashopu ya mwini malowo pomwe amaika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori, ndipo anyamata amakhala atazinga sikirini kuonera mavidiyo ovina osayenera, voliyumu mpaka kumwamba, ana akudutsa pomwepo maso ali tong'o. Kumbuyo mukuphunzitsa zabwino, kutsogolo mukuzigumula nokha, zikugwirizana bwanji?

Mtengo wake siwoboola m'thumba, ndipo kwa mwana wa zaka 7 mpaka 12 ndinganene kuti mpititseni, mumpatse botolo la madzi, ndipo tsiku loyamba mupite naye mukaone nokha. Za shopuyo ndinawauza eniake maso ndi maso, akuti atsegula khomo lina chakumbali mvula isanayambe. Akapanda kutero ndibweranso pano kudzakuuzani.