Kugulitsa MGB yosayenda: kwa dobadoba, ku Biwi kapena wekha?

Anzanga angapo akhala akundifunsa mmene ndinagulitsira MGB ya malemu bambo anga, galimoto ya denga la nsalu ija yomwe inakhala pa miyala zaka zambiri ku Area 47, mu Lilongwe. Galimoto zimenezi zinkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, choncho woigula ayenera kukhala munthu woidziwa komanso wokonzeka kuitanitsa zipangizo kunja.

Ndinayamba ndi dobadoba, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Iye anati ogula safika kunyumba za anthu, motero ndinalola kuti aikokere pabwalo pake mu Novembala, mvula itangoyamba kumene. Ndinamuonetsa pamene denga linang'ambika, ndipo analonjeza kuti aifunditsa tenti. Nditapitako mu Januwale ndinaipeza ili pamtetete, madzi atadikha pansi pa mipando, m'kati mukununkha chuku, ndipo imodzi mwa makabureta ake awiri a mtundu wa SU inali itasowa. Chimene dobadobayo sankachidziwa n'chakuti MGB ilibe chasisi yapayokha: bodi ndiyo imanyamula zonse, choncho dzimbiri likadya zitsulo za m'munsi mwa zitseko, mtengo wa galimoto yonse umagwa.

Nditanena kuti ndikuitenga, ananditulutsira ndalama yosungira galimoto, yowerengedwa tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi ya galimoto yokokera, zomwe sanazitchule pachiyambi. Ndinalipira chifukwa makiyi a geti anali m'thumba mwake.

Ogula galimoto zophwasula ku Biwi amalipira tsiku lomwelo ndipo sabisa kanthu, koma amaiwerengera ngati chitsulo chabe, popeza zipangizo za MG zilibe msika kuno. Sindikanapirira kuona galimoto ya bambo ikudulidwa ndi girayinda.

Pomaliza ndinaiika ndekha pa Facebook, ndi zithunzi zoonetsa dzimbiri lonse mosabisa. Ambiri ankangofunsa mtengo n'kusowa, ndipo zinatenga miyezi, komabe njira imeneyi ndi yomwe ndimalangiza aliyense, bola blue book (chikalata cha umwini wa galimoto) ilipo ndipo nkhani yosintha umwini ku Road Traffic yalongosoledwa kale, makamaka ngati mwini wake anamwalira. Amene anaigula anagona chagada pansi pake ndi tochi, n'kumagogoda zitsulo ndi sikuludiraiva, ndipo anachotsa pa mtengo ndendende zomwe mvula ya miyezi iwiri ija inaononga.