Stepping Heavenward: buku la 1869 lonena za banja ndi moyo wa pemphero

Mwa mabuku achikhristu amene amayi a ku America analemba m'zaka za m'ma 1800, ndi ochepa amene akusindikizidwabe mpaka lero, ndipo limodzi mwa iwo ndi Stepping Heavenward la Elizabeth Prentiss, lomwe linatuluka mu 1869. Mayiyu anabadwira ku Portland m'chigawo cha Maine mu 1818, bambo ake anali mbusa Edward Payson, ndipo mu 1845 anakwatiwa ndi mbusa winanso, George Lewis Prentiss, amene pambuyo pake anatumikira ku New York.

Nkhani yake ndi yopeka, koma inalembedwa ngati zolemba za tsiku ndi tsiku za mtsikana wotchedwa Katy Mortimer, kuyambira tsiku limene anakwanitsa zaka 16 mu Januwale 1831. Masamba oyambirira, okamba za kupsa mtima kwake ndi chibwenzi chake ndi Charley chimene chinatha Katy atadwala, amawerengeka msanga ndipo sasiya zambiri m'maganizo.

Phindu lenileni la bukuli likuyambira pamene Katy wakwatiwa ndi dokotala Ernest Elliott. Ukwati usanakhazikike n'komwe, mwamuna akubweretsa bambo ake ndi mlongo wake Martha kuti adzakhale nawo m'nyumba imodzi. Apongoziwo ndi munthu wopembedza koma wandwii, amene amaona kuseka ngati chinthu chosayenera mkhristu, pamene mlamuyo sasowa potola zifukwa pa kasamalidwe ka pakhomo. Ernest naye si munthu woipa, koma ndi wosalankhulalankhula, amatha tsiku lonse ali kwa odwala, ndipo saona msanga kuti mkazi wake akulirira m'mimba. Chimene ndachikonda n'chakuti wolembayo sanamuyeretse Katy: amayankha mwaukali, amakadziguguda m'pemphero usiku, kenako m'mawa mwake n'kubwereza zomwezo. Amene anakhalapo ndi apongozi pakhomo sadzafuna womumasulira mitu imeneyi.

Gawo la imfa ya mwana wa Katy ndi lolemera kuposa ena onse, ndipo n'zosadabwitsa, poti Prentiss mwini wake anataya ana awiri motsatizana mu 1852. Apa mawu akuchepa, ulaliki ukutha, ndipo owerenga akuona mayi amene akulimbana ndi Mulungu wake popanda kunamizira kuti mtima wakhala pansi.

Zofooka zilipo ndithu. Makalata a mbusa Cabot ndi malangizo a mayi Campbell, wodwala wosadzuka pamphasa amene Katy amakamuzonda, amatalika mpaka nkhani n'kuima, ndipo wina angawadumphe osataya ulusi wa nkhani. Kwinanso bukuli limakhala ngati likuuza mkazi kuti apirire chilichonse mwakachetechete, pamene Ernest sakufunsidwa mokwanira chifukwa chimene analolera mkazi wake kusenza yekha mtolo wa abale ake. Alangizi a mabanja amene angafune kuligwiritsa ntchito ayenera kukumbukira kuti linalembedwera amayi a m'mipingo ya ku America a nthawi imeneyo, ndipo asalitenge ngati lamulo la banja lililonse.

Bukuli ndi la m'Chingerezi chakale cha ziganizo zazitali, choncho wosazolowera adzayenda nalo pang'onopang'ono. Popeza umwini wake unatha kalekale, osindikiza ambiri amalitulutsa mmene afunira, ndipo kope limene ndili nalo lili ndi zilembo zing'onozing'ono zotopetsa maso komanso pepala lopyapyala loonetsa mawu a kuseri. Makope ena anasinthidwa chilankhulo kuti chikhale chamakono, zomwe zimachotsa liwu la Katy. Wofuna mawu oyambirira popanda kulipira angawapeze pa tsamba la pa intaneti la mabuku aulere la Project Gutenberg, ndipo pa tsamba lina la LibriVox pali lomvetsera, loti munthu angatsitse mu foni n'kumamvera akugwira ntchito zapakhomo.