Eyakoni ya pa windo: imaziziritsa inde, koma onani kaye mawindo anu ndi mayunitsi

Amene mwakhala mukundifunsa za eyakoni yanga ya pa windo ija, mwachidule ndinene kuti imagwira ntchito, kuchipinda kumazizira zenizeni osati zongopepesana ngati za fani ayi. Ine ndimakhala ku Nchalo ndiye mukudziwa nokha kuti Okutobala ndi Novembala kuno madigiri amadutsa 40, ndipo usiku makoma amakhala akadali otentha mpaka tulo kusowa. Yanga ndi ya 12000 BTU (umenewu ndi muyeso wa mphamvu yake yoziziritsira), ndinagula yogwiritsidwapo kale ku Blantyre kwa bambo ena amene amasintha kuika ma split (eyakoni za zigawo ziwiri, china mnyumba china panja) mu ofesi mwawo.

Kagwiridwe kake ndi ka filiji ndithu. Ndi bokosi limodzi, theka limakhala mnyumba theka kunja, mkatimo muli kompuresa imene imapopa gasi mu timapaipi ta kopa. Mbali ya mnyumba timapaipi timakhala tozizira kwambiri, fani imakoka mpweya wa mchipinda kuudutsitsa pamenepo, kutentha kumalowa mu gasi uja, kenako kompuresa imamufinya nkumutumiza mbali ya kunja komwe amakataya kutenthako. Nchifukwa chake ukadutsa kumbuyo kwake panja umawombedwa ndi mpweya wotentha. Ndiye inu amene mumafunsa ngati mungangoiika patebulo mchipinda osaboola paliponse, ayi amwene, mukhala mukulipira magetsi kuti chipinda chitenthe kuposa kale. Imachotsanso chinyontho mu mpweya, madzi amene amadontha kumbuyo aja ndi amenewo, sikuti yaonongeka. Poika izipendekera kunja pang'ono, apo bii madziwo azitsikira pakhoma la mkati.

Tsopano nkhani yomwe ogulitsa sangakuuzeni ndi ya kuika. Makina amenewa anawapangira mawindo okankhira mmwamba ngati a ku America, pomwe athu kuno ambiri ndi a chitsulo otsekulira kunja kapena a maluva, kuphatikiza mabagala. Ndiye umayenera kusankha, kudula mabagala ndi kuchotsa galasi kapena kuboola khoma. Ine ndinaboola khoma poti nyumba ndi yanga, koma ngati muli pa lendi kambiranani kaye ndi alandilodi musanatulutse ndalama, ena sangalole ngakhale msomali. Muuzenso wowotcherera akupangireni chikhola cha chitsulo kunja, chifukwa bowo limenelo munthu atha kulowapo akangokankha bokosilo, komanso chinthucho ncholemera, chimafuna pokhazikika. Timawindo ta mmbali mwake tomwe timakokera mpweya tikhale kunja, womanga asatimate ndi simenti.

Magetsi ndiye imadya, apa tisanamizane. Ya 12000 BTU kompuresa ikamayenda imatha pafupifupi yunitsi imodzi pa ola, pomwe fani ya mawatsi 60 pa yunitsi yomweyo ikuzungulirani maola ngati 16. Ine ndimayatsa madzulo ndikatseka chitseko ndi mawindo onse, ndimaika pa 25, chipinda chikazizira kompuresa imayamba kumapumira yokha ndipo mita imapumako. Kuika pa 16 sikuti kuzizira msanga, kungoti kompuresa siima basi. Magetsi akathima nkubwera pompo dikirani mphindi zitatu musanayatsenso, kapena gulani ka gadi ngati ka filiji kaja, kompuresa imadana ndi kudzidzimutsidwa. Ka sola kanu kowonera TV kaja iwalani, poyamba kuyenda imakoka mphamvu yambiri. Ndipo abale a ku America akafuna kukutumizirani muwauze aone kaye chikwangwani, zambiri za kumeneko ndi za 110 mpaka 120 volts pomwe kuno timagwiritsa 230.

Phokoso lilipo. Kompuresa ili mu bokosi lomwelo pafupi ndi mutu wanu, ikamadzuka imagwedeza ndithu, ine ndinazolowera koma mayi akunyumba mpaka lero amati ndiziyatsa tisanagone kenako ndizithimitsa.

Poyerekeza ndi zina, split ndi yabwino kuposa iyi, palibe kutsutsana. Kompuresa imakhala panja ndiye mnyumba muli zii, bowo lake ndi laling'ono longodutsa mapaipi, ndipo za inveta zija, zomwe kompuresa yake imasintha liwiro mmalo momangozima ndi kuyaka, zimasunga magetsi. Koma mtengo ndi wokwera, kuika kumafuna tekinishani wodziwa, ndipo tsiku losamuka muyenera kumuitananso. Ya pa windo mumangoisolola nkukweza pa lole. Kula ya madzi ija, yomwe mumathiramo madzi nkumawomba mpweya kudutsa pa chonyowa, imathandizako mu Okutobala mpweya ukakhala wouma ndipo magetsi siidya, koma mvula ikangoyamba mu Disembala kunja kuli chinyontho kale, imangokuwonjezerani thukuta. Eyakoni ya matayala yokhala ndi chipaipi chotulutsira pawindo sindinaikonde, makina onse otentha ali mchipinda momwemo ndipo imataya kunja mpweya womwe yaziziritsa kale. Fani ndi fani, siitsitsa kutentha kwa chipinda, imangoumitsa thukuta pakhungu, komabe kwa anzathu a ku Dedza kapena Mzuzu ndi yokwana, musaononge ndalama.

Chinthu china, ngati nyumba yanu ndi ya malata opanda siling'i yambani ndi siling'iyo. Mpweya wozizira uzingothawira mchipinda china kudzera pamwamba pa khoma kwinaku malata akukuwotchani, makina aziyenda osapuma.

Mukamagula yakale muiyatse pomwepo kwa mphindi zingapo, mumve kompuresa ikudzuka, muike dzanja kutsogolo muone ngati kukutuluka kozizira. Onaninso mtundu wa gasi pa chikwangwani, zakalekale zambiri ndi za R22 yemwe akuthetsedwa padziko lonse chifukwa amaononga ozoni, mpweya wa mumlengalenga womwe umatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, zatsopano ndi R410A kapena R32. Wogulitsa akati ingofunika kuwonjezera gasi basi, dziwani kuti pena pake pakudontha, gasi wa eyakoni satha yekha, ndiye mtengo utsike kapena isiyeni. Fyuluta ya kutsogolo ija muzitsuka ndi madzi pafupipafupi makamaka nyengo ya fumbi, ikatsekeka timapaipi timachita ayisi ndipo mpweya umasiya kutuluka.