Ofesi imene inatikonzera za wogwirizira mpando mu bodi ya kampani yathu ku Zomba

Makampani ena ang'onoang'ono kuno ku Zomba amayendetsedwa ndi anthu atatu kapena anayi amene ndi eni masheya komanso madayirekitala nthawi imodzi, kotero kuti mmodzi kapena awiri akasowa kwa nthawi yaitali, ntchito zonse zofuna chigamulo cha bodi zingathe kuima. Kampani yathu ndi yoteroyo. Timagula mpunga kwa alimi a ku Domasi ndi a m'mbali mwa mtsinje wa Likangala chakunyanja ya Chilwa, timaupuntha pachigayo chathu, kenaka n'kumaugulitsa m'masitolo a mu Zomba ndi ku Blantyre. Madayirekitala tilipo anayi, ndipo malamulo oyendetsera kampani yathu amanena kuti msonkhano wa bodi sungachitike popanda anthu atatu. Mnzathu wina atapeza ntchito ku Johannesburg, mayi wina wachikulire amene tinayamba naye bizinesiyi n'kuyambanso kudwaladwala, tinatsala awiri pa nthawi imene banki inkafuna chigamulo cha bodi kuti itipatse ngongole yogulira mpunga wa chaka chimenecho. Ndemanga iyi ndi ya ofesi ina ya maloya ya m'tauni ya Zomba, imene imagwiranso ntchito za ulembi wa makampani, komwe tinakapempha thandizo.

Tinapita kumeneko titagwirizana kale chochita: aliyense mwa awiri osowawo asankhe munthu woti azimugwirizira mpando, amene m'mapepala a makampani amalembedwa kuti alternate director. Chinthu choyamba chimene ndikuiyamikira ofesiyi n'chakuti inakana theka la ntchito imene tinaibweretsera, ngakhale kuti ikanapezapo ndalama. Loya amene anatilandira atawerenga malamulo a kampani yathu anatisonyeza ndime yolola dayirekitala kutenga nawo mbali pa msonkhano kudzera pa foni kapena pa intaneti, bola onse azimvana bwinobwino, ndipo anati munthu woteroyo amawerengedwa kuti analipo. Mnzathu wa ku Johannesburg sankafunika womugwirizira, ankangofunika kuuzidwa tsiku ndi nthawi ya msonkhano pasadakhale. Amene ankafunikadi wogwirizira anali mayi odwala aja, chifukwa masiku ena sakanatha ngakhale kutsatira zokambirana pa foni.

Apa m'pamene panaonekera luso lenileni la ofesiyi. Malamulo athu analibe ndime iliyonse yopatsa dayirekitala mphamvu yosankha womugwirizira, ndipo loyayo anatiuza mosapita m'mbali kuti popanda ndime yotero, kalata iliyonse imene mayiwo akanalemba yotuma munthu ikanakhala yopanda ntchito, ndiponso zigamulo zimene munthuyo akanavotera zikanatha kutsutsidwa mtsogolo. Anatifotokozeranso kusiyana kumene ambirife sitinkakudziwa. Pa msonkhano wa eni masheya, munthu angathe kutuma mnzake kuti akamuvotere monga momwe wamulangizira, pakuti masheya ndi katundu wake. Pa msonkhano wa bodi sizili choncho, chifukwa voti ya dayirekitala si katundu wake ayi, koma udindo umene ayenera kuugwiritsa ntchito poganizira ubwino wa kampani, atamva yekha zimene zakambidwa. Choncho tinayenera kuyamba tasintha malamulo a kampani kudzera m'chigamulo chapadera cha eni masheya, chimene pansi pa lamulo la makampani la 2013, lomwe linalowa m'malo mwa la 1984, chimafuna mavoti osachepera 75 pa 100 alionse.

Mayiwo anasankha mwana wawo wamwamuna, ndipo ofesiyi inaumirira kuti mnyamatayo abwere iye mwini adzamve zimene akuvomera asanasaine chilichonse. Ndinalipo pamene loya anamukhazika pansi, n'kumuikira patsogolo pepala lovomerezera udindowo koma cholembera n'kuchisunga m'manja mwake. Anamufunsa kuti akanatani bodi itafuna kutenga ngongole imene iye akuona kuti kampani singathe kubweza, pamene mayi ake amuuza kuti akavomereze. Mnyamatayo anayankha monga mwana woleredwa bwino, kuti sangatsutse mawu a mayi ake. Loyayo anati: “Achimwene, kunyumba mverani mayi anu, koma mukakhala pampando uwu mwakhala dayirekitala inuyo, ndipo chikalakwika adzafunsa inu, osati mayi.” Anapitiriza kumufotokozera kuti wogwirizira si mthenga wa amene anamusankha, kuti ayenera kuwerenga mapepala a chuma cha kampani msonkhano usanayambe, kusunga chinsinsi cha zokambidwa, ndi kuulula ngati ali ndi phindu lakelake pa nkhani imene ikukambidwa.

Mfundo yomalizayi inavumbula chinthu chimene tonsefe tinkachidziwa koma sitinachiganizirepo. Mnyamatayo amagulanso mpunga payekha ku msika wa Jali n'kumaugulitsa, kutanthauza kuti pa msonkhano wokambirana mtengo wogulira mpunga kwa alimi, iye akanamva mtengo wathu mavenda ena onse asanaumve. Ofesiyi sinatiuze kuti timukane, koma inalemba kuti bizinesi yakeyo ilembedwe m'buku la kampani, ndiponso kuti azituluka pa zokambirana za mitengo yogulira. Inatichenjezanso kuti iye akatuluka, chiwerengero cha anthu atatu chiyenera kukwanabe, choncho misonkhano ya mitengo tiziikonza pa tsiku limene mnzathu wa ku Johannesburg angapezeke pa foni. Uphungu umenewu ndimauona kuti ndi wamtengo wapatali kuposa mapepala onse amene anatilembera, chifukwa ukanasowa, mkangano ukanabuka pakati pa mabanja amene akhala akudyera mbale imodzi kwa zaka zambiri.

Ndime imene anatilembera ndi yomveka ndiponso yosasiya mipata. Kusankha wogwirizira kumachitika mwa kalata yosainidwa, ndipo madayirekitala enawo ayenera kuvomereza munthuyo. Wogwirizira amalandira uthenga wa misonkhano yonse, koma amavota pokhapokha amene anamusankha palibe. Mayiwo akabwera okha, mwana wawo alibe voti tsiku limenelo. Angathe kumuchotsa nthawi ina iliyonse mwa kalata, ndipo iwo akasiya udayirekitala pa chifukwa chilichonse, udindo wa mwanayo umathera pomwepo, sasanduka wolowa m'malo mwawo. Mfundo imeneyi anaibwereza kawiri pamaso pa banja lonse, ndipo anachita bwino, poti kuno kwathu n'kosavuta kuganiza kuti wogwirizira mpando ndiye mlowam'malo wa mawa. Kampani simulipira wogwirizira ndalama yapadera. Ngati pali malipiro a udayirekitala, amagawana ndi amene anamusankha. Mmodzi wa ife atafunsa ngati sikukanakhala kwapafupi kuti dayirekitala mnzathu azigwirizira mpando wa mayiwo, anatiuza kuti m'makampani ena zimatheka, koma munthu mmodzi amakhala ndi mavoti awiri, zimene mu bodi ya anthu anayi zimamupatsa mphamvu yoposa muyeso, komanso sizikanathetsa vuto lathu la kuchepa kwa anthu pa msonkhano.

Zofooka zilipo, ndipo si zazing'ono. Mapepala onse analembedwa m'Chingerezi cha maloya. Kufotokoza kwa m'Chichewa kunali kwapakamwa kokha, kotero kuti mayi amene nkhani yonseyi inkawakhudza anasaina chikalata chimene sangathe kuchiwerenganso okha akafuna kudzikumbutsa. Tinapempha kuti atilembere chidule cha tsamba limodzi m'Chichewa, iwo n'kuvomera, koma mpaka pano sichinatuluke. Ofesi imene makasitomala ake ambiri ndi amalonda a m'misika ya Zomba, Songani ndi Thondwe siyenera kuona pempho lotere ngati chinthu chochita ukapeza mpata.

Nkhani ya malipiro nayonso sinayende bwino. Mtengo umene anatiuza pa tsiku loyamba unali wa kalata yosankhira wogwirizira yokha, ndipo ndalama yosinthira malamulo a kampani ndi yokalembetsa kusinthako tinaimva ntchito ili mkati. Sindikunena kuti anatibera, pakuti ntchitoyo inagwirikadi, koma loya amene anaona pa tsiku loyamba lomwelo kuti malamulo afunika kusinthidwa akanatha kutiuza mtengo wonse nthawi yomweyo. Kutumiza mapepala ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ya Registrar General kunachedwanso chifukwa kalaliki wawo analemba dzina la mnyamata uja mosiyana ndi momwe lilili pa chiphaso chake cha unzika, ndipo cholakwikacho tinachiona ife, osati iwo. Anakonza popanda kutilipiritsanso, koma nyengo yogula mpunga siidikira munthu, ndipo masiku amene anatayikawo mitengo inali ikukwera.

Chinthu china chimene anangochitchula modutsa, pamene chinafunika kutsindika, n'chakuti kukhala wogwirizira mu bodi sikumupatsa munthu mphamvu yosaina ku banki. Banki imatsatira mndandanda wa osaina umene ili nawo, ndipo kuwonjezerapo dzina kumafuna chigamulo china cha bodi ndi mafomu a bankiyo. Ife tinasankha kusamuwonjezera mnyamatayo, poti osaina awiri amene tinatsala tinali okwana, koma kampani imene dayirekitala wodwalayo ndi mmodzi mwa osaina ofunika iyenera kufunsa za zimenezi pa tsiku loyamba.

Kwa amene ali ndi vuto longa lathu, ofesiyi ndingawatumizeko, makamaka chifukwa siifulumira kulemba mapepala isanamve mmene kampani ilili. Apite ndi malamulo oyendetsera kampani yawo, satifiketi yolembetsera kampani, buku la maminitsi ndi ziphaso za unzika za onse okhudzidwa, ndipo munthu amene akufuna kuti agwirizire mpandoyo apite naye limodzi. Asanavomere chilichonse apemphe mtengo wa ntchito yonse wolembedwa papepala, kuphatikizapo ndalama zolipira ku boma, ndipo mapepala asanatumizidwe aonetsetse okha kuti dzina lililonse likufanana ndi la pa chiphaso.