Marimu otopa, ndalama zochepa: kupopera nokha, powder coating kapena kugula ena?

Rimu ya aluminiyamu sichita dzimbiri lofiira ngati yachitsulo, koma nayo imakalamba. Zimayamba tsiku lomwe mwaikhulitsa pa konkire ya m'mphepete mwa msewu poimika galimoto. Vanishi wa pamwamba amang'ambika, madzi ndi fumbi la mabuleki n'kulowa pa balapo, ndipo pakapita miyezi mumaona timizere toyera tikuyenda kunsi kwa vanishi ngati njira za chiswe. Kenako penti amatukumuka n'kuyamba kukanganuka. Ikafika apa, ngakhale muitsuke ndi sopo wamtundu wanji siwalanso.

Njira zokonzera zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi anthu ake oichemerera. Koma musanasankhe, ikani jeke, mumasule tayala, muitembenuze rimuyo muone kumbuyo kwake. Ambiri timangoyang'ana kumaso, pomwe mavuto enieni amabisala m'kati, kumene rimu imamenyedwa mukagwa m'dzenje. Mukapeza mng'alu, kapena mlomo wa m'kati wapindika, nkhani ya penti ithere pomwepo. Kupindika pang'ono amisiri amawongola pa makina, mng'alu waung'ono wa kumlomo ena amawotcherera ndi makina owotcherera zitsulo otchedwa TIG, koma mng'alu wa pa masipoko kapena pafupi ndi mabowo a mabawuti, rimu imeneyo yatha ntchito. Kupaka penti pa mng'alu n'kuveka suti munthu wothyoka mwendo.

Ngati rimu ndi yamoyo, yangonyansa nkhope, ndiye tikambe.

Kupopera nokha ndi penti wa m'zitini ndiyo njira yotsika mtengo kwambiri pa zonse zomwe zimakonzadi chinthu. Mufunika sandipepala wa manambala osiyanasiyana, filler ya zitsulo (phala lomatira pokumbika), primer (penti wapansi wothandiza wapamwamba kugwira), penti, vanishi ndi tepi. Chomwe simulipira ndi ndalama mumalipira ndi zala zanu, chifukwa kupopera kwenikweniko ndi kwa mphindi zochepa, tsiku lonse limathera kukhula. Pomwe konkire inaluma mumayamba ndi sandipepala wokhakhala, 180 kapena 240, kusalaza timano tomwe tatuluka. Pokumbika mumamata filler, ikauma n'kukhulanso mpaka chala chidutse osamva dzenje. Kenako 400 rimu yonse, kuti penti watsopano apeze pogwira, ndipo primer ikauma mumadutsitsa 600 wonyowetsa ndi madzi. Pomwe aluminiyamu waonekera poyera pafunika etch primer, yomwe ndi primer yoluma chitsulo kuti igwire, chifukwa chitsulo chimenechi chikangokhudzana ndi mpweya chimapanga kakhungu kopyapyala komwe penti wamba sagwira bwino.

Ubwino waukulu wa njirayi ndi wakuti simuchotsa tayala pa rimu. Mumaliphwetsa, n'kutenga makadi osewerera aja n'kuwasomeka limodzilimodzi pakati pa mlomo wa rimu ndi labala, kuzungulira konse, mpaka tayala lioneke ngati lavala nthenga. Penti woposera amagwera pa makadiwo. Valavu muikulunge ndi tepi.

Ine ulendo woyamba ndinalakwitsa pawiri. Ndinatsuka ndi madzi okha osachotsa mafuta onyezimiritsira matayala omwe anali atafika pa mlomo wa rimu, ndiye penti anabookabooka timaenje ngati maso a nsomba. Pofuna kubisa timaenjeto ndinayandikiza chitini n'kupopera mothithikana, penti n'kuyamba kulira misozi kutsika m'masipoko. Ndinadikira aume, n'kukhula zonse kuyambiranso. Chitini chizikhala masentimita 20 kapena 25 kuchoka pa rimu, mupopere mopyapyala katatu kapena kanayi, n'kumapuma mphindi 10 mpaka 15 pakati pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mukapopera koyamba penti amayenera kuoneka ngati sanakwane.

Pa vanishi mpamene ndimati musaumire. Vanishi wamba wa m'chitini, wotchedwa 1K, amangouma ndi mpweya ndipo sachedwa kufooka ndi fumbi lotentha la mabuleki komanso mankhwala otsukira marimu. Wa 2K ali ndi kabatani kunsi kwa chitini komwe mukakadina, mankhwala olimbitsa amasakanikirana ndi vanishi m'katimo. Ameneyu amalimba zedi, kufanana ndi wa kugaraji, koma mukangodina muli ndi tsiku limodzi kapena awiri basi chitini chisanaumiretu, choncho marimu onse akhale okonzeka. M'chitinimo muli mankhwala a isocyanate owononga mapapo, ndiye kansalu kotseka pakamwa sikokwanira. Valani masiki yeniyeni ya openta ndipo mupopere pabwalo podutsa mphepo.

Powder coating ndi ina ndithu. Matayala amachotsedwa, mavalavu, timiyala ta balansi, ndi masensa oyeza mpweya ngati galimoto yanu ili nawo. Rimu amaivula penti yense ndi mankhwala kapena mchenga wopopera ndi mphamvu, n'kuiwaza ufa wa penti womwe umakakamira chifukwa cha mphamvu ya magetsi, kenako n'kuilowetsa mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 180 mpaka 200 Celsius. Ufa uja umasungunuka n'kukhala chikopa chimodzi chokhuthala, kumaso ndi kumbuyo komwe. Pa kulimba, chitini sichingafikeko.

Apa mpamene anthu ambiri amasokoneza masamu. Mtengo womwe mwauzidwa nthawi zina ndi wa rimu yopanda tayala. Onjezani kuchotsa ndi kubwezera matayala, mavalavu atsopano, kuchita balansi, komanso masiku omwe galimoto ikhale pa miyala kudikira miyendo yake. Funsiranitu ngati zonsezi zili momwemo. Funsaninso ngati amatseka kumbuyo kwa rimu komwe imagundana ndi hub (chitsulo cha galimoto chomwe rimu imamangidwapo), ndi m'mabowo momwe manati amakhala. Penti wokhuthala akatsala m'malo amenewa amaphwanyika pang'onopang'ono galimoto ikamayenda, manati n'kukhwefuka okha. Ndipo powder coating mukadzaikhulitsanso pa konkire, kuzigamba kadontho kamodzi kuti kafanane ndi kwina n'kovuta kuposa penti wamba.

Komabe pali vuto limodzi lomwe limandichititsa kusiya zitini n'kupita ku uvuni mosanyinyirika: tayala lomwe limaphwa pang'onopang'ono popanda msomali. Nthawi zambiri chimakhala chiswe choyera cha pa aluminiyamu chija chitadya m'mphepete momwe labala amakhala, mpweya n'kumathawira pamenepo. Thirani madzi a sopo kuzungulira mlomo wa rimu, mukaona tithovu ndi chomwecho. Mukapopera kunja ndi makadi anu aja, rimu iwala koma m'mawa uliwonse muzipopabe. Tayala liyenera kuchoka kuti malowo akhulidwe, ndiye poti lachoka kale, gawo lina la mtengo wa powder coating mwalilipira kale.

Marimu ena ndi a diamond cut, aja okhala ndi nkhope yachitsulo yonyezimira ndi timizere tosalala ngati kunsi kwa CD, m'mbali muli penti wakuda kapena wotuwa. Kuwabwezera mwakale kumafuna makina a lathe oyendera kompyuta, omwe amasenga kachikopa ka aluminiyamu n'kuikanso vanishi. Ndi okwera mtengo kuposa njira zonsezi, rimu siingasengedwe kambirimbiri chifukwa imapyapyala, ndipo vanishi wa pa chitsulo chosalala choncho ndiye amene chiswe choyera chija chimamukonda kwambiri. Kwa munthu wowerenga ndalama, nzeru ndi kuiwala kunyezimirako n'kupaka rimu yonse mtundu umodzi.

Nanga penti wa labala wosendeka, monga Plasti Dip? Safuna kukhula kapena primer, ndipo mukatopa naye mumangomusenda ngati khungu la njoka. Pofuna kungoyesa ngati galimoto yanu ikhala bwino ndi marimu akuda, ndi wabwino. Koma sakonza kanthu. Bala lililonse limaonekabe kunsi kwake, petulo amamufewetsa, ndipo mukapopera mopyapyala pofuna kusunga zitini, tsiku lomusenda amadukaduka tizidutswa mpaka mutukwane. Amafuna kupopera kanayi kapena kasanu kuti adzachoke bwino.

Kugula marimu ogwiritsidwapo kale ntchito kumatha kutsika mtengo kuposa kukonza, makamaka ngati imodzi yokha ndiyo yang'aluka. Onetsetsani manambala. Mabowo afanane kuchuluka ndi kutalikirana kwake, monga 4x100 kapena 5x114.3 (nambala yoyamba ndi mabowo, yachiwiri ndi mamilimita a m'mimba mwa mzere wozungulira womwe mabowowo akhalapo), ndipo 5x112 ndi 5x114.3 zimaoneka zofanana ndi maso koma si zimodzi. Kumbuyo kwa sipoko mupeza kukula kwake, monga 16x6.5J (mainchesi 16 m'mimba mwake, 6.5 m'lifupi), ndi nambala ya ET yosonyeza kuti rimu ilowa m'kati kapena kutuluka kunja mamilimita angati. Bowo lapakati nalo likwane pa hub. Rimu yakale yomwe yangopoperedwa kumene, ikununkhabe penti, ine ndimaikayikira. Muipititse pa makina a balansi ikazungulire musanapereke ndalama.

Ndiye kwa ine zili chonchi. Zokhulika za kumlomo ndi vanishi wofooka, rimu yosataya mpweya: sandipepala, zitini, vanishi wa 2K, ndi masiku awiri opanda mvula. Penti wokanganuka paliponse, choyera chafika m'kati, tayala likuphwa: sungani ndalama mpaka zikwane powder coating, musatayire pa zitini. Zikakwana za marimu awiri okha, yambani ndi awiri a mbali imodzi, chifukwa palibe amene amaona mbali zonse za galimoto nthawi imodzi. Mukabwezera matayala, mangani manati ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati, pa mlingo wolembedwa m'buku la galimoto yanu, ndipo mukayenda makilomita 50 mpaka 100 muwaonenso.