Chilatini, lojiki ndi Euclid patatha chaka m'kalasi: zomwe zapirira ndi zomwe zafooka

Papepala, ndandanda ya maphunziro a sekondale m'sukulu zotsata njira yotchedwa classical Christian education imakopa mtima: Chilatini, lojiki (luso la kuganiza molondola), retoriki (luso la kulankhula mokopa), jometiri ya Euclid (katswiri wa masamu wa Agiriki akale), mabuku akale a Agiriki ndi Aroma, mbiri yakale, Baibulo ndi ziphunzitso za mpingo, masamu, sayansi, nyimbo. Sabata zoyambirira zonse zimayenda bwino chifukwa ana amakonda zachilendo. Chilungamo chimaoneka mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, chidwi chikaphwa, makope akayamba kuda m'mphepete. Zomwe talemba pano ndi za nthawi imeneyo mpaka kumapeto kwa chaka, ndipo chigamulo chathu n'chakuti maphunzirowa ndi abwinodi, koma ndandanda zambiri n'zodzaza mopitirira, moti sukulu yosafuna kudulako imathera pomeza osatafuna.

Maziko ake ndi trivium, kutanthauza galamala, lojiki ndi retoriki, pamodzi ndi quadrivium, yomwe ndi kuwerengera, jometiri, nyimbo ndi za nyenyezi. Sukulu za masiku ano zinatengera kwambiri nkhani imene Dorothy Sayers, mlembi wa ku England, anakamba ku Oxford mu 1947, ndipo Logos School ya ku Moscow m'chigawo cha Idaho, imene inatsegulidwa mu 1981, ndi imodzi mwa zoyambirira kuyesa maganizo akewo. Sayers anati ana aang'ono amakonda kuloweza, osinkhukirapo amakonda kutsutsa, ndipo akuluakulu amafuna kufotokoza za kumtima kwawo. Choncho lojiki imaikidwa pa zaka 12 mpaka 14, retoriki pa zaka 15 mpaka 18. Sayers mwini wake anavomera kuti anaona zimenezi podziyang'ana yekha mmene anakulira, ndipo m'kalasi zimaonekadi kuti si lamulo. Mwana wa zaka 16 amafunikabe kuloweza. Akasiya kuloweza chifukwa choti "wadutsa msinkhu wa galamala", phunziro loyamba kugwa ndi Chilatini.

Chilatini ndi chomwe chimabweza zambiri, komanso ndi chomwe chimawonongeka msanga. Mayina ali m'magulu 5, aneni m'magulu 4, ndipo dzina lililonse limasintha mathero ake malinga ndi ntchito yake m'chiganizo. Magulu awiri oyambirira a mayina ana amawaimba ngati nyimbo. Khoma limabwera pa gulu lachitatu, pomwe tsinde la mawu limasintha: rex amakhala regis, corpus amakhala corporis, ndipo mwana amene waloweza rex yekha popanda regis sangapeze mawuwo akakumana ndi regibus. Mankhwala ake ndi osavuta koma safuna kunyengerera: dzina lililonse lilowezedwe ndi mbali zitatu, mawuwo, mathero osonyeza umwini, ndi mtundu wake (wachimuna, wachikazi kapena wapakati), mneni aliyense alowezedwe ndi mbali zake zinayi.

Vuto lalikulu silioneka pamayeso a mawu. Mulembereni mwana ziganizo ziwiri izi: Puella puerum videt, ndi Puellam puer videt. Choyamba chikuti mtsikana akuona mnyamata. Chachiwiri chikuti mnyamata akuona mtsikana. Mwana amene wakhala akungolota tanthauzo potsata mndandanda wa mawu amamasulira zonse ziwiri mofanana, chifukwa sanaone chilembo m chomwe chasandutsa mtsikanayo pamtherankhani. Mwana wotere akhoza kupeza malikisi abwino miyezi inayi yathunthu, kenako n'kumira tsiku limodzi ziganizo zikatalika. Muyeseni motere sabata iliyonse kuyambira mwezi woyamba, ndipo asanamasulire aloze kaye mneni, kenako mwininkhani, kenako pamtherankhani.

Za mabuku ophunzitsira: la Wheelock, lomwe linatuluka koyamba mu 1956, lili ndi mitu 40 ndipo linalembedwera ophunzira a kukoleji. Kulimaliza m'chaka chimodzi ndi ana a zaka 13 n'kuwazunza. Zaka ziwiri ndiye mlingo wake, makamaka poti mutu 28 umayambitsa subjunctive, kanenedwe ka mneni kosonyeza zofuna kapena zongoyerekeza, pomwe ambiri amatayira mtima. La Henle limabwereza kwambiri ndipo lili ndi mawu ochepa, zomwe zimalimbitsa galamala koma zimatopetsa. Familia Romana la Hans Ørberg lili ndi mitu 35 yolembedwa m'Chilatini chokhachokha, ndipo ana amawerenga mwachangu ndi mokondwa, koma ndi momwe kulota tanthauzo kumabisalira bwino. Kuphatikiza kumathandiza: Ørberg wowerenga, ndi kuloweza mathero kwa mphindi 10 poyamba phunziro lililonse. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola awiri kamodzi pasabata. Ndipo musadikire mabuku a Julius Caesar kuti ana alawe Chilatini chenicheni. Mutu woyamba wa Uthenga wa Yohane mu Vulgate, Baibulo la Chilatini lomasuliridwa ndi Jerome, amatha kuuwerenga chaka choyamba chisanathe, ndipo nkhope zawo zimawala akazindikira vesi lomwe amalidziwa kale.

Lojiki imapirira bwino kuposa momwe ambiri amaganizira. Chaka choyamba chimakhala pa mitundu inayi ya ziganizo, A (onse ali), E (palibe amene ali), I (ena ali) ndi O (ena sali), kenako syllogism ya Aristotle, mfundo yomangidwa ndi ziganizo ziwiri ndi chotsatira chake, imene ili ndi maonekedwe 256 koma olondola osapitirira 24. Kuloweza onsewo n'kutaya nthawi. Ana aphunzire malamulo oyesera ndipo ayese zitsanzo zambiri. Chitsanzo ichi chimagwira ntchito nthawi zonse: agalu onse ndi nyama, amphaka onse ndi nyama, choncho amphaka onse ndi agalu. Aliyense amaseka, koma afunseni pomwe palakwika. Mawu apakati, "nyama", sanakambe za nyama zonse m'chiganizo chilichonse mwa ziwirizo. Akaona zimenezo, apatseni mfundo yomangidwa chimodzimodzi koma yothera pa chinthu chomwe iwo amachikhulupirira. Pamenepo ambiri amaivomera, ndipo m'pamene phunziro lenileni limayambira: kusiyanitsa mfundo yomangidwa bwino ndi mfundo yoona.

Zolakwika ndi ziwiri. Choyamba, kuyamba ndi mndandanda wa zinyengo za pamtsutso, monga kunyoza munthu m'malo moyankha mfundo yake. Ana amazikonda, koma amasanduka osaka zolakwa za anzawo ndi za makolo awo, osatha kumanga mfundo yawoyawo. Zinyengozi zibwere pambuyo. Chachiwiri, lojiki kungothera m'kalasi la lojiki. Ngati mphunzitsi wa mbiri yakale kapena wa Baibulo safunsa mwana kuti aike mfundo yake m'ziganizo zitatu, pofika chaka chotsatira zonse zimakhala zaiwalika.

Euclid ndiye mnzake weniweni wa lojiki. Buku loyamba mwa mabuku 13 a Elements lili ndi matanthauzo 23, zovomerezeratu 5, mfundo zodziwikiratu 5, ndi mfundo zofunika umboni 48. Pa mfundo ziwiri pasabata, limatha m'masabata 24, ndipo liwiro limenelo ndi lokwanira. Mwana aime pabolodi ndi kampasi ndi lula, wopanda buku, ajambule ndi kunena chifukwa cha sitepe iliyonse. Mfundo yoyamba, yomanga thirayango ya mbali zofanana ndi mizere iwiri yozungulira, imapatsa aliyense mphamvu. Yachisanu ndi yomwe yakhala ikugwetsa ophunzira kuyambira kalekale, mpaka inapatsidwa dzina lakuti pons asinorum, mlatho wa abulu. Ipatseni sabata yathunthu. Amene aloweza zilembo A, B, C m'malo momvetsa amagwidwa mukangosintha zilembozo kapena kutembenuza chojambulacho chadodolido. Akafika pa mfundo 47, ya Pythagoras, n'kuona kuti yatsamira pa zambiri zam'mbuyo, amakhala atamvetsa tanthauzo la umboni kuposa mmene buku lamakono lingawaphunzitsire. Koma Euclid salowa m'malo mwa aljebra. Sukulu imene yasiya aljebra chaka chonse chifukwa cha Euclid imapeza ana ataiwala kuthetsa ma equation, ndipo vutolo limadzaonekera mu fizikisi ndi kemisitiri. Siyani mapiriyodi awiri pasabata a aljebra chaka chimenecho.

Pomwe pamafunika mpeni wakuthwa ndi pa mabuku akuluakulu. Ndandanda zambiri zimaphatikiza mbiri yakale, mabuku ndi za Mulungu kukhala phunziro limodzi loyenda motsata nthawi: dziko lakale, nyengo yapakati, kenako yamakono, ndipo mkombero umenewu umabwerezedwa kawiri. Ganizo lake ndi labwino kwambiri, chifukwa mwana amawerenga ndakatulo za Virgil pamene akuphunzira za Augustus, mfumu ya Aroma ya nthawi yake. Koma werengerani nokha. Chaka cha masabata pafupifupi 36 chikakhala ndi mabuku 20, lililonse silikwanitsa masabata awiri. Iliad ili ndi zigawo 24. Pa zigawo zitatu pasabata imadya masabata 8. Aeneid ili ndi 12, Confessions ya Augustine 13, ndipo ndakatulo ya Dante ili ndi nyimbo 100. Ana akapanikizika amathamangira zidule za pa intaneti, n'kubwera m'kalasi akulankhula molimba mtima za buku lomwe sanalitsegule. Izi zimaononga chinthu chenicheni chomwe sukuluyo ikufuna kumanga, chomwe ndi kuona mtima pa kuphunzira. Mabuku 6 mpaka 8 pachaka, owerengedwa onse, ena mokweza m'kalasi, ndiwo mlingo womwe umapirira mpaka teremu yomaliza.

Zokambirana za mafunso ndi mayankho zimayamba bwino, koma pakapita miyezi zimatsalira ana atatu kapena anayi olankhulalankhula. Funso liperekedwe dzulo lake, aliyense abwere ndi ndime imodzi yolemba, ndipo wolankhula atchule tsamba kapena mzere. Mphunzitsi aphunzire kukhala chete kwa masekondi 10 atafunsa.

Funso la mabuku a anthu osapembedza Mulungu wa Baibulo limabuka chaka chilichonse, ndipo makolo ali ndi ufulu wolifunsa. Si latsopano. Tertullian wa ku Carthage ankakayikira zosakaniza nzeru za Athens ndi chikhulupiriro. Basil wa ku Caesarea analembera achinyamata za mmene angapindulire ndi mabuku a Agiriki. Augustine anayerekeza zimenezi ndi Aisiraeli otenga golide wa Aigupto. Ana awerenge mkangano umenewu okha, chifukwa umawathandiza kuposa chizolowezi chomata vesi kumapeto kwa phunziro lililonse. Chizolowezi chimenecho ana amachizindikira msanga, ndipo amayamba kupereka mayankho "achikhristu" omwe mphunzitsi akufuna, osawaganizira. Chomwe chimagwira mtima ndi kuwerenga buku lonse la m'Baibulo mosadumpha, kuloweza chivomerezo cha Nicaea pamodzi ndi mbiri ya misonkhano ya mpingo ya zaka za 325 ndi 381, ndi kabuku kakafupi ka Athanasius kofotokoza za Mawu kusandulika thupi, komwe ana a zaka 15 amatha kukamvetsa. Ndi bwinonso kuwauza kuti Tertullian, Athanasius ndi Augustine onse anali a kumpoto kwa Africa, chifukwa ndandanda zambiri zimaoneka ngati nzeru zonse zinabadwira ku Europe.

Retoriki imayenda bwino ikayamba ndi progymnasmata, masitepe 14 ophunzirira kulemba a Aphthonius, mphunzitsi wakale wa retoriki, kuyambira kufotokozanso nthano mpaka kuteteza kapena kutsutsa lamulo. Sitepe iliyonse ndi yaing'ono, ndipo mwana sakhala akuyang'ana pepala lopanda kanthu. Kenako zimabwera njira zitatu zokopera omvera za Aristotle, ethos (khalidwe la wolankhula), pathos (kukhudza mtima) ndi logos (mfundo zomveka), ndi magawo 6 a nkhani yolankhula. Chaka chomaliza mwana amalemba nkhani yaitali n'kuiteteza pamaso pa ofunsa. Kawirikawiri imagwa pa zinthu ziwiri: mutu waukulu mopitirira, monga chilungamo kapena ufulu, ndi gawo loyankha otsutsa, pomwe mwana amasankha mdani wofooka. Mutu uvomerezedwe pokhapokha ngati munthu wanzeru ndi woona mtima angautsutse, ndipo mwana alembe kaye masamba awiri oikira kumbuyo mbali yomwe sakugwirizana nayo.

Sayansi ndiyo imafooka kwambiri, ndipo tinene mosabisa. Nthawi ikachepa, piriyodi ya labotale ndi yomwe imayamba kudyedwa. Kuwerenga za Galileo ndi Newton n'kothandiza, koma sikuphunzitsa mwana kuyeza, kulemba zotsatira ndi kuwerengera kulakwa kwa muyeso. Pa mapiriyodi 35 pasabata, kagawidwe komwe kamapirira ndi aka: masamu 5, sayansi 5 kuphatikizapo awiri otsatizana a labotale, Chilatini 5, mabuku ndi mbiri yakale 8, lojiki kapena retoriki 4, Baibulo 3, nyimbo ndi zojambula 3, masewera 2. Ngati ana adzalemba mayeso a boma kapena olowera kuyunivesite, yerekezani silabasi yake ndi ndandanda yanu chaka chisanayambe, osati teremu yomaliza.

Chigiriki chimakopa, makamaka chifukwa cha Chipangano Chatsopano, koma mapanga awiri avumbwitsa. Zilembo zake 24 zimalowa m'mutu m'sabata imodzi; aneni ake ndiwo amafuna zaka. Chiyambike pokhapokha mwana atatha zaka zitatu za Chilatini ndipo akuwerenga ndime popanda kuthamangira dikishonale pa mzere uliwonse. Mwana wolowa mochedwa, wa zaka 15 kapena 16, amalowa bwinobwino m'zokambirana za mabuku ndipo lojiki amaipeza m'teremu imodzi, koma pa Chilatini aikidwe m'gulu la oyamba, ngakhale akhale ndi ana aang'ono kwa iye, ndipo apatsidwe mphindi 30 zapadera katatu pasabata mpaka atadutsa gulu lachitatu la mayina.